Sikelo Yoyeza Zosaoneka ndi Maso: M'mene Akatswiri Amapezera Poizoni m'Chinangwa

Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti chinangwa chili pawiri. Chilipo chozuna, monga cha Manyokola, chimene timangosenda n'kukukuta chachiwisi, kapena kuphika n'kumwera tiyi m'mawa. Chiliponso chowawa, monga cha Gomani, chimene anzathu a ku Nkhata Bay amapangira ufa wa kondowole, ndipo munthu wanzeru sangayerekeze kuchidya asanachiviike m'madzi kwa masiku angapo. Mukasenda mitundu iwiriyi n'kuiika m'lichero limodzi, chonse chimangooneka choyera kuti mbee, diso silingasiyanitse. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga nyerere za m'chinangwa chowawa n'chiyani kwenikweni? Zilimo zochuluka bwanji? Ndipo munthu angaziyeze motani, poti n'zazing'ono kwambiri moti ngakhale maikulosikopu ya m'labotale ya pasukulu singazione? M'nkhani ino ndikufuna kufotokozera anzanga a pano pa seminale, abambo athu ansembe ndi makolo athu za makina otchedwa mass spectrometer, amene akatswiri a sayansi amayezera mankhwala opezeka m'zomera. Ndasankha chinangwa kuti chikhale chitsanzo chathu chifukwa nkhani yake ikukhudza miyendo ya ana ndiponso miyoyo ya anthu.

CHOMERA CHILICHONSE NDI NYUMBA YA MANKHWALA

Gwape akaona mlenje amathawa. Chomera sichingathawe. Mbuzi ikabwera, mbozi ikatera pa tsamba, dzuwa likawomba mwezi wathunthu popanda mvula, chomera chimangokhala pamalo pomwepo. Chida chimene Namalenga anachipatsa ndi mankhwala amene chimapanga chokha m'thupi mwake. Mankhwala onse ang'onoang'ono amene chamoyo chimapanga pa ntchito za m'thupi mwake amatchedwa ma metabolite.

Ena mwa mankhwalawa amapezeka m'chomera chilichonse, monga shuga, chifukwa popanda iwo chomeracho sichingakule. Ena amapezeka m'mitundu yowerengeka chabe, ndipo kawirikawiri ntchito yawo ndi yoteteza. Nikotini wa m'fodya amapha tizilombo tofuna kudya masamba. Caffeine wa m'tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene amatichotsa tulo pa nthawi ya mayeso, nayenso ndi chida cholimbana ndi tizilombo. Moto umene timaumva pakamwa tikaluma kambuzi umachokera ku capsaicin. Akatswiri amayerekeza kuti zomera zonse za pa dziko lapansi zimapanga mitundu ya mankhwala otere yoposa 200,000, ndipo tsamba limodzi lokha limakhala ndi mitundu zikwi zingapo yosakanikirana.

MSAMPHA UMENE CHINANGWA CHINATCHERA

Chinangwa kwawo ndi ku South America, ndipo anadza nacho ku Africa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chida chake chachikulu ndi mankhwala otchedwa linamarin, pamodzi ndi mng'ono wake lotaustralin amene amapezeka wochepa. Linamarin amapangidwa makamaka m'masamba, kenaka amatsikira ku mizu imene ife timadya. Chinangwa chilichonse chili naye, ngakhale chozuna. Kusiyana kwake ndi kuchuluka basi.

Linamarin ali ngati msampha wotcheredwa umene sunafwambuke. M'kati mwa tizipinda ting'onoting'ono ta chomera totchedwa maselo, iye amasungidwa payekha. Pamalo pena, m'zipupa za maselowo, pamakhala mankhwala ena ogwira ntchito ngati mpeni, otchedwa linamarase. Awiriwa sakumana chinangwa chikakhala chathunthu. Koma nguluwe ikachitafuna, kapena mayi akachisinja mu mtondo, zipupa zija zimasweka, mpeni uja umadula linamarin pawiri. Mbali imodzi ndi shuga wabwinobwino. Mbali inayo imaswekanso n'kutulutsa mpweya wa hydrogen cyanide, poizoni amene amalepheretsa maselo a thupi kugwiritsa ntchito mpweya wabwino umene timapuma.

Apa m'pamene tingamvetse nzeru za amayi athu. Kuviika chinangwa masiku atatu kapena asanu kumafewetsa mizu, msampha uja umafwambuka chinangwa chisanafike m'mimba mwa munthu. Hydrogen cyanide amasanduka mpweya pa madigiri 26 okha, choncho makaka akayanikidwa pa dzuwa poizoni wotsala amauluka. Chigwada nachonso chili ndi linamarin wambiri, kuposa mizu, ndipo n'chifukwa chake amayamba achisinja kwambiri asanachiphike.

KONZO, MATENDA A NTHAWI YA NJALA

Vuto limabwera m'chaka cha chilala. Chinangwa chikasowa madzi chimachulukitsa linamarin. Nthawi yomweyo mitsinje yoviikamo imauma, ana akulira ndi njala, mayi amavuula chinangwa patangopita tsiku limodzi. Ndiwo zomanga thupi monga nsomba, nyemba ndi mazira zimasowa, chonsecho thupi limadalira salufa wochokera m'zakudya zimenezi kuti lisandutse cyanide kukhala mankhwala osaopsa kwenikweni amene amatuluka ndi mkodzo.

Zinthu zikafika pamenepa kwa masabata angapo, pamabuka matenda otchedwa konzo. Mwana amene dzulo amathamanga amadzuka miyendo itauma, akuyendera zala za kuphazi kapena osayenda n'komwe, ndipo kulumala kumeneku sikuchira. Amagwira kwambiri ana ndi amayi a msinkhu wobereka. Dzinali ndi la m'chinenero cha Chiyaka cha ku Congo, ndipo limatanthauza miyendo yomangidwa. Dokotala wa ku Italy, Giovanni Trolli, ndiye anayamba kulemba za matendawa mu 1938 kumeneko ku Congo. Kwa anansi athu ku Mozambique, m'chigawo cha Nampula, anthu oposa 1,000 analumala m'chilala cha 1981, ndipo kumeneko matendawa anawatcha mantakassa. Apezekanso ku Tanzania, ku Cameroon ndi ku Central African Republic.

Pofuna kuteteza anthu, mabungwe a WHO ndi FAO anaika malire akuti ufa wa chinangwa usakhale ndi cyanide woposa mamiligalamu 10 pa kilogalamu imodzi. Miligalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a galamu. Lamulo lotere lilibe ntchito ngati palibe njira yoyezera. Tsono tiyeni tione m'mene amayezera.

MOLEKYULU ILIYONSE ILI NDI KULEMERA KWAKE

Amene tinayamba kale maphunziro a sayansi tikudziwa kuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, ndipo maatomu akalumikizana amapanga molekyulu. Atomu iliyonse ili ndi kulemera kwake. Tikati haidirojeni alemera 1, ndiye kuti kaboni alemera 12, naitirojeni 14, okosijeni 16, sodiyamu 23. Muyeso umenewu umatchedwa dalton, pokumbukira John Dalton wa ku England. Kuti muone kuchepa kwake, m'magalamu 18 a madzi, amene ndi pafupifupi supuni yaikulu imodzi, muli mamolekyulu okwana nambala 6 yotsatidwa ndi maziro 23.

Kulemera kwa molekyulu ndi samu yophatikiza chabe. Madzi ali ndi haidirojeni muwiri ndi okosijeni mmodzi, choncho alemera 18. Linamarin ali ndi makaboni 10, mahaidirojeni 17, naitirojeni mmodzi ndi maokosijeni 6. Tikaphatikiza 120, 17, 14 ndi 96 tipeza 247. Lotaustralin alemera 261, nikotini 162, caffeine 194, kwinini 324. Hydrogen cyanide alemera 27 basi. Nambala zimenezi zili ngati nambala za mayeso zimene a MANEB amatipatsa: woyang'anira mayeso sayenera kukudziwa nkhope, nambala ndiyo imamuuza kuti ndiwe yani.

Koma palibe sikelo ya mbale ziwiri imene mungaikepo molekyulu imodzi. Njira imene anaipeza akatswiri ndi yoti aiponye, aone m'mene ikuulukira.

AMENE ANAYAMBITSA

Mu 1912, ku Cambridge, J. J. Thomson ankadutsitsa mpweya wa neon wopatsidwa mphamvu ya magetsi pakati pa maginito. M'malo mwa mzere umodzi, pa galasi lake lojambulira panaoneka mizere iwiri, wina pa 20, wina pa 22. Kunapezeka kuti maatomu a chinthu chimodzi angathe kusiyana kulemera, ndipo maatomu otere amatchedwa ma isotope. Womuthandiza wake, Francis Aston, anapanga makina abwino koposa mu 1919, napeza nawo ma isotope oposa 200, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1922.

Kwa zaka zambiri makinawa ankangotha kuyeza zinthu zimene zimasanduka mpweya mosavuta. Mamolekyulu okhala ndi shuga, monga linamarin, mukawatenthetsa kuti auluke amangopserera ngati shuga m'chiwaya. Vuto limeneli analithetsa ndi John Fenn wa ku America m'zaka za m'ma 1980, ndi njira yotchedwa electrospray imene ndiifotokoze posachedwa. Analandira mphotho ya Nobel mu 2002 ali ndi zaka 85.

ULENDO WA KACHIDUTSWA KA CHINANGWA M'LABOTALE

Choyamba ndi kutenga chitsanzo. Linamarin safanana kuchuluka m'chinangwa chonse: m'khungu ndi wambiri kuposa m'kati, ndipo mizu ya phata limodzi imasiyananso. Katswiri wosamala amatenga zidutswa zambiri m'malo osiyanasiyana.

Chachiwiri ndi kuimitsa ntchito zonse za m'maselo. Taonani chodabwitsa apa. Mayi posinja amafuna kuti mpeni uja udule linamarin msanga. Katswiri amafuna kuti usamudule, apo ayi adzayeza chinthu chimene chatha kale. Choncho amamiza chidutswacho mu naitirojeni wamadzi, wozizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro. Chikauma gwa ngati mwala amachipera, n'kuthira ufawo mu sipiriti wotchedwa methanol wosakaniza ndi madzi. Sipiritiyo amasungunula mankhwala a m'chinangwa ndipo amaletsa mpeni uja kugwira ntchito. Akasefa bwino, pamatsala timadzi toyera tosakwana supuni yaing'ono.

Chachitatu ndi kufoletsa mankhwalawo pa mzere. M'timadzi timeneti muli mitundu mazanamazana, ndipo yonse italowa m'makina nthawi imodzi pangakhale chipwirikiti chonga cha anyamata olimbirana pa khomo la chipinda chodyera. Njira yowafoletsera anaitulukira ndi Mikhail Tswett, katswiri wa zomera wa ku Russia, amene ankagwira ntchito ku Warsaw. Iye anathira madzi a masamba m'paipi ya galasi yodzaza ndi ufa wa choko, naona kuti utoto wobiriwira ndi wachikasu walekana n'kupanga mizere. Mu 1906 anaitcha njirayi chromatography, kutanthauza kulemba ndi mitundu. Inunso mungayese: sinjani masamba obiriwira ndi sipiriti woyera wa m'labotale, imikani choko m'timadzito, mudzaona mitundu ikukwera mosiyana liwiro. Masiku ano amagwiritsa ntchito kapaipi kachitsulo kotalika ngati bolopeni, kodzaza ndi ufa wosalala kwambiri. Mankhwala amene amakakamira pa ufawo amachedwa kutuluka, osakakamira amatuluka msanga. Uliwonse uli ndi nthawi yake yotulukira.

Chachinayi ndi kuwapatsa mphamvu ya magetsi, chifukwa maginito ndi magetsi sangakankhe molekyulu yopanda mphamvuyi. Timadzi tija timadutsa m'kasingano kolumikizidwa ku magetsi a mavoti pafupifupi 3,000 kapena 4,000, n'kutuluka ngati nkhungu. Mpweya wofunda umaumitsa timadontho ta nkhunguyo, timachepa, timaphulika, mpaka pamatsala mamolekyulu okhaokha, iliyonse itanyamula kachidutswa ka magetsi. Molekyulu yotere imatchedwa ion. Imeneyi ndiyo electrospray ya Fenn. Kachidutswa konyamulidwako kali ndi kulemera kwake, choncho caffeine, amene amanyamula haidirojeni, amaonekera pa 195. Linamarin amakonda kunyamula sodiyamu, ndipo amaonekera pa 270, pamene lotaustralin amaonekera pa 284.

Chachisanu ndiye kuyeza kwenikweni. Ma ion aja amakokeredwa m'chipinda chimene mpweya wonse unapopedwamo, kuti asagundane ndi kanthu panjira. Makina akale ankawapinda ndi maginito. Taganizani mayi akuuluza mapira pa mphepo: mankhusu opepuka amatengedwa kupita kutali, mapira olemera amagwa pafupi. Maginito nawonso amapinda kwambiri njira ya ion yopepuka, yolemera amaipinda pang'ono. Makina ena amayeza nthawi. Mukakoka legeni mofanana n'kuponya kamwala kakang'ono ndi mwala waukulu, kakang'onoko kamafika msanga. M'makinawa ma ion onse amakankhidwa ndi mphamvu yofanana m'paipi yotalika mita imodzi kapena awiri, ndipo koloko yowerenga tizigawo tochepetsetsa ta sekondi imalemba nthawi imene iliyonse yafika. Kunena mwatchutchutchu, chimene makinawa amayeza ndi kulemera kogawidwa ndi kuchuluka kwa mphamvu ya magetsi imene ion yanyamula. Koma mamolekyulu ang'onoang'ono a m'zomera kawirikawiri amanyamula imodzi yokha, choncho nambala imene ikuoneka ndi kulemera komweko.

Chomaliza, kumapeto kwa ulendo kuli kachipangizo kowerenga ma ion amene afika. Kompyuta imajambula chithunzi cha mizere yoimirira ngati mitengo ya mpanda. Malo amene mzere waima amasonyeza kulemera, ndipo kutalika kwake kumasonyeza kuchuluka.

MAYINA OFANANA M'KALASI IMODZI

M'kalasi mungakhale a Phiri atatu. M'tsamba namonso mumakhala mamolekyulu osiyana okhala ndi nambala yofanana. Shuga wotchedwa glucose alemera 180. Theobromine, amene amapezeka mu koko ndiponso pang'ono mu tiyi, nayenso alemera 180. Katswiri amawasiyanitsa m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi sikelo yakuthwa. Kulemera kwa maatomu si nambala zathunthu ndendende: haidirojeni ndi 1.0078, okosijeni ndi 15.9949. Tikawerenga mosamala, glucose ndi 180.0634 pamene theobromine ndi 180.0647. Makina amakono amphamvu kwambiri, monga Orbitrap imene anaipanga Alexander Makarov ndipo inayamba kugulitsidwa mu 2005, amatha kuona kusiyana kochepa chonchi.

Njira yachiwiri ndi kuphwanya. Makina amasankha ion imodzi, n'kuigundanitsa ndi mpweya kuti isweke, kenaka amayeza zidutswazo. Molekyulu iliyonse imasweka mwa njira yakeyake, monga m'mene mtedza umasweka pa msoko pake. Caffeine wa pa 195 akasweka amapereka chidutswa chachikulu pa 138. Chinthu china cholemera 195 chimene sichikupereka 138 ndi mlendo wongobwereka dzina.

Njira yachitatu ndi nthawi yotulukira m'kapaipi kaja. Kwinini ali ndi mbale wake wotchedwa quinidine. Maatomu awo ndi omwewo, kulemera ndi komweko, amangosiyana kaimidwe ka maatomu ena. Sikelo iliyonse, ngakhale yakuthwa chotani, iwaona ngati chinthu chimodzi. Koma m'kapaipi amatuluka nthawi zosiyana. Katswiri asananene kuti wapeza linamarin, amagula linamarin weniweni woyeretsedwa, n'kumudutsitsa m'makina omwewo, kuti aone ngati kulemera, zidutswa ndi nthawi zonse zitatu zikugwirizana.

MULIMO WOCHULUKA BWANJI?

Kudziwa dzina la poizoni ndi theka la ntchito. Funso la mayi amene akufuna kuphikira ana ndi lakuti, kodi ufawu ndi wabwino kudya? Kutalika kwa mzere pakokha sikungayankhe, chifukwa mamolekyulu ena amanyamula magetsi mosavuta n'kupanga mzere wautali ngakhale ali ochepa, ena amanyamula movutikira. Wofuula kwambiri m'kwaya sindiye kuti ndi anthu ambiri.

Choncho katswiri amachita zimene amachita wogulitsa nyama ndi miyala yake ya pa sikelo. Amasungunula linamarin weniweni m'miyeso yodziwika, wochepa, wochulukirapo, wochuluka kwambiri, n'kuona kutalika kwa mzere pa muyeso uliwonse. Kenaka amayerekeza mzere wa chinangwa chija ndi mizere imeneyi.

Palinso nzeru ina. Popera, posefa ndi pouluza m'makina, mankhwala ena amatayika, ndipo zinthu zina za m'tsamba zimalanda magetsi amene akanapita kwa molekyulu imene tikufuna. Pofuna kudziwa zimene zatayika, katswiri amathiramo pachiyambi penipeni muyeso wodziwika wa mapasa a molekyuluyo, opangidwa ndi ma isotope olemera a Thomson ndi Aston aja. Mwachitsanzo caffeine amene makaboni ake atatu ndi a 13 m'malo mwa 12 amaonekera pa 198. Zili ngati kukweza pa ngolo matumba awiri obooka mofanana, lina lodziwika kulemera kwake, lina losadziwika. Lodziwikalo likafika litataya gawo limodzi mwa magawo khumi, mudziwa kuti linzakelo latayanso chimodzimodzi.

Tsono tichite samu yongoyerekeza. Tinene kuti makina apeza mamiligalamu 460 a linamarin mu kilogalamu ya ufa. Pa magawo 247 alionse a linamarin pangatuluke magawo 27 a cyanide. Tikachulukitsa 460 ndi 27 n'kugawa ndi 247, tipeza 50. Ufa umenewo wapyola malire aja kasanu, ndipo apa sitinawerengere lotaustralin ndi poizoni amene anali atatuluka kale m'linamarin koma asanauluke.

ZIMENE MAKINA AMENEWA SANGACHITE

Mu 2000, Oliver Fiehn ndi anzake ku Germany anayeza masamba a kachomera kotchedwa Arabidopsis, nawerenga mitundu ya mankhwala 326 nthawi imodzi, koma pafupifupi theka lokha ndi limene anatha kulitchula mayina. Makina a lero amaona mizere zikwizikwi m'tsamba limodzi, ndipo yambiri mwa iyo palibe amene akudziwa mwini wake. Ntchito ikudikira anthu.

Chinanso, makinawa ndi okwera mtengo kwambiri, amafuna magetsi osazimazima, mpweya wapadera ndi munthu wophunzira bwino. Sangapite m'mudzi uliwonse. N'chifukwa chake Howard Bradbury wa ku Australia anakonza njira yosavuta: ufa pang'ono umaikidwa m'kabotolo pamodzi ndi kapepala kachikasu konyikidwa m'mankhwala a picrate, ndipo pofika tsiku lotsatira kapepalako kamasintha mtundu molingana ndi kuchuluka kwa cyanide. Kapepala kamangonena kuchuluka kwa poizoni yense. Makina aja ndi amene amanena kuti poizoniyo wabisala m'mamolekyulu ati, zimene zimathandiza obereketsa mitundu yatsopano ya chinangwa. Bradbury yemweyo anaphunzitsanso kuti ufa wokayikitsa ukasakanizidwa ndi madzi n'kuyalidwa mopyapyala m'lichero kwa maola asanu pamthunzi, kapena awiri pa dzuwa, poizoni wambiri amauluka usanaphikidwe.

Tisaiwalenso lilime la amayi. Katswiri wa ku Malawi konkuno, Linley Chiwona-Karltun, anachita kafukufuku pakati pa alimi a ku Nkhata Bay. Anapeza kuti mitundu imene amayi ankaitcha yowawa polawa kansonga inalidi ndi linamarin wochuluka atakaiyeza m'labotale. Anapezanso kuti amayiwo amadzala chowawa mwadala, chifukwa akuba, anyani ndi nguluwe amachiopa, motero chakudya chimakhalitsa m'munda. Labotale inatsimikiza ndi nambala zimene agogo athu ankadziwa kale.

KUCHOKERA KU UFA WA AJEZUWITI KUFIKA KU LA

Kuyeza kumeneku kumathandizanso pa mankhwala ochiza. M'zaka za m'ma 1600, ansembe ndi mabulazala a chipani cha Ajezuwiti ku Peru anayamba kutumiza ku Roma makungwa a mtengo wa cinchona ochiza malungo, mpaka anthu ankautcha ufa wa Ajezuwiti. Vuto linali lakuti makungwa ena anali amphamvu, ena ofooka, ndipo panalibe wodziwa muyeso weniweni. Zinayamba kusintha mu 1820 pamene Pelletier ndi Caventou ku Paris anachotsamo kwinini weniweni amene akanatha kuyezedwa pa sikelo.

Mankhwala a LA, amene zipatala za m'Malawi zinayamba kupereka mu 2007, nawonso gwero lake ndi chomera. Mbali ina yake imapangidwa kuchokera ku artemisinin, amene Tu Youyou ndi anzake ku China anamupeza mu 1972 m'chitsamba cha Artemisia annua. Mayiyu analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Kuyeza kwasonyeza kuti artemisinin amasiyana kwambiri kuchuluka kwake malinga ndi mtundu wa chitsambacho, malo amene chamera ndi kasungidwe ka masamba. N'chifukwa chake bungwe la WHO silivomereza kumwa masamba owiritsa a chitsambachi m'malo mwa mapiritsi. Mankhwala operewera sachiza wodwala, ndipo amapatsa mpata tizilombo ta malungo kuti tiwazolowere.

MAWU KWA ANZANGA

Mwina wina afunsa kuti mnyamata wofuna unsembe zimenezi azitani nazo. Gregor Mendel, amene anatulukira malamulo a chibadwa powerenga nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno, anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, ndipo kuwerengako sikunamuchotsere chikhulupiriro. Koma yankho langa lili pafupi kuposa ku Brno. Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzatumizidwa ku maparishi a m'mbali mwa nyanja kumene chinangwa ndicho nsima ya tsiku ndi tsiku. Chilala chidzabweranso, monga chinabwerera mu 1992. Pa nthawi yotere katswiri wa labotale amakhala kutali, koma wansembe amaima pamaso pa anthu Lamulungu lililonse. Atadziwa chifukwa chake chinangwa cha m'chilala chimawawa koposa, chifukwa chake masiku oviika sayenera kudulidwa, ndi chifukwa chake kausipa kapena nyemba pang'ono n'zofunika pambali pa kondowole, mawu ake a pambuyo pa Misa angapulumutse miyendo ya mwana.

Kwa inu makolo athu, pempho langa ndi lakuti tikabwera kutchuthi mutiphunzitse mayina a mitundu ya chinangwa, masiku oviika, ndi m'mene mumadziwira kuti chafewa mokwanira. Safunsa anadya phula. Ndipo kwa anzanga amene mumagona m'phunziro la sayansi, kumbukirani samu ija ya 247 ndi 27. Ndi kuchulukitsa ndi kugawa kwa ku pulayimale, koma ndi imene imanena ngati ufa uli woyenera kuthira mu mphika.